Mchere Umene Gertrude Sanathire

Gertrude ankasesa pakhomo pake pochoka, osati podzuka ngati mmene timachitira enafe. Akakhoma chitseko cha chipinda chake, ankatenga tsache n'kumasesa chafutambuyo mpaka pa geti, kuti fumbi ligone bwinobwino. Madzulo akamabwera kumaganyu ankayamba waima pa getipo, mwana ali kumbuyo, n'kumawerenga mapazi. Nsapato za aliyense pa yadi yathu ya ku Primrose ankazidziwa: masilipasi a mastende, amene ndi mwini malowo, majombo a William, mwamuna wa Gertrudeyo, ndi mapatapata anga odyeka chidendene. Likapezeka phazi lachilendo, tiyi sankamwedwa mpaka mwini phazilo adziwike.

Ine ndine Deborah, wa ku Ntcheu. Ndinabwera ku Joni ndi malemu amuna anga. Iwo anagona m'manda a konkuno, ine ndinatsala ndi makina osokera. Chipinda changa ndi chakumapeto kwa mzere, choyandikana ndi chimbudzi cha yadi yonse. Ndakhala ndi anthu amitundumitundu m'mayadi muno, oledzera, opemphera mokuwa, akuba sopo, koma munthu wokayikira ngati Gertrude sindinamuonepo. Ndinkamukonda ndithu, ngakhale kuti kumukondako kunali ntchito.

Anakulira pa esiteti ya fodya ku Kasungu, m'nyumba ya amalume ake. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, atabwerako kuphwando la ukwati akudandaula m'mimba, ndipo pamaliro anthu ankanong'onezana kuti anachita kuwathirira. Gertrude anazimva zimenezo atakhala pansi pa ngolo, ndipo sizinamuchokenso m'mutu. Atafika kuno, tsiku loyamba lenilenilo, bambo wina wovala bwino anadzipereka kumunyamulira chikwama pa siteji ya mabasi. Chikwamacho akunyamulabe mpaka lero. Ntchito yoyamba anaipeza ku Elsburg, yochapa ndi kusita, ndipo inatha tsiku limene ndolo ya adona inasowa. Ndoloyo inadzapezeka kuseri kwa sofa, koma ntchito sinabwerere. Kuyambira pamenepo, akafika panyumba iliyonse yogwirapo ganyu, ankakhuthula chikwama chake patebulo asanagwire kanthu, kuti eni nyumba aone zimene walowa nazo. Madona ena ankachita manyazi. Iye sankachita.

William anali mlonda, ankagwira usiku pa fakitale ina ku Wadeville. Anali wamtali, wofatsa, woseka ndi mapewa okha. Malamulo a m'nyumba mwake anali ambiri, koma lalikulu linali lakuti asadye kanthu kunja. Gertrude ankati akazi ogulitsa zakudya m'misewu amathiramo zawozawo kuti amuna a eni aiwale njira ya kwawo. Ankamulongedzera mpunga ndi nyemba m'kontena, ndipo m'mawa William akafika ankanunkhiza kontenayo kaye, kenako malaya. Anali ndi mwana mmodzi, Miracle, kamtsikana kamene kanali katangoyamba kuima chogwirira. Ku kiliniki Gertrude ankapita mochita kukokedwa, moti katemera wina wa mwanayo anamudumphitsa atamva kuti pa geti paima anthu ofunsa mapepala.

Koma panali chinthu chimodzi chimene ankandikhulupirira nacho, ndipo sichinali chaching'ono. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere mu ndiwo. Amati pa masiku amenewo ndi wotentha, chimodzimodzi munthu amene wayenda njira zamseri kunja kwa banja, ndipo mchere wothiridwa ndi dzanja lotentha umadwalitsa odya, makamaka mwana. Matendawo timati tsempho: mwana amatsegula m'mimba, amaonda, miyendo n'kutupa. Kumudzi nkhani yake ndi yophweka, umangoitana wina wozizira kuti akuthirire. Ku Primrose wozizira umupeza kuti? Ana a mastende akanaseka mpaka kugubuduka. Choncho mwezi uliwonse Gertrude ankatulukira pakhomo panga, poto ali m'manja, mchere uli m'chivindikiro cha botolo.

"Achemwali, tandithirirani," ankatero, maso ali pansi.

Ine mkazi wamasiye, zakumwezi ndinasiya kalekale, ndinkathira mosafunsa kanthu. Zimenezi ndinazisiya ine mwini ndidakali mtsikana, nditaona kuti amuna anga sakutupa, koma sindinkamutsutsa. Zinkandisangalatsa kuti mu Joni monse muno manja anga okha ndi amene Gertrude sankawanunkhiza.

Zinasokonekera m'mwezi wa Juni, kukuzizira koti madzi a pampopi amaluma zala. Tsiku lina chakumasana, Gertrude ali kuganyu, ndinamva munthu akugogoda mwamanyazi. Anali William, atadzifunda bulangeti, nkhope yotuwa. Thanki ya chimbudzi chathu inali itawonongeka, tinkathira madzi ndi ndowa, ndipo ndowayo inkakhala pakhomo panga. Anaipempha, n'kuthamangira kuseri. Pobweza ndowa anandiuza kuti anzake a kuntchito anamunyengerera kudya kota pa renki ya matekisi ku Germiston, buledi uja amamubowola pakati n'kuikamo tchipisi ndi soseji, ndipo m'mimba mwayamba nkhondo.

"Anti, chonde musawauze amake Miracle," anatero. "Akamva kuti ndadya kunja, eish, ndatha ine."

Ndinaseka mpaka kugwira makina. Bambo wamkulu, wolondera fakitale yonse ndi chibonga, kuopa mkazi chifukwa cha buledi. Ndinamulonjeza kuti pakamwa panga patsekedwa. Tsiku limenelo anabwera kudzatenga ndowa kambirimbiri, mawa lake chimodzimodzi, mkuja mwakenso.

Madzulo aliwonse Gertrude ankaima pa geti n'kumawerenga. Majombo ankachoka pakhomo pake, kulunjika pakhomo panga, kuima pamenepo, n'kudzaonekanso akubwerera. Pakati pa khomo langa ndi chimbudzi pali simenti, ndiye fumbi linkathera pakhomo panga penipenipo. Sanafunse munthu. Gertrude sankafunsa, ankangosunga. Ine ndinangoona kuti moni wafupika, kenako wasanduka kugwedeza mutu, kenako watha. Ndinkayesa kuti ndi kuzizira.

Kenako Miracle anayamba kusanza, ndipo usanatalike anayamba kutsegula m'mimba, madzi okhaokha. Zimene zinachitika m'chipindamo ndinadzazimva pambuyo pake, kwa Gertrude mwini. Kwa iye nkhani inali yathayitha: mwamuna wayenda zamseri, wabwera wotentha, wanyamula mwana, mwana wasemphedwa. Gertrude anamuyalira William pansi pafupi ndi chitseko n'kumuletsa kukhudza mwanayo, koma chifukwa chake sanamuuze. William naye, poganiza kuti za kota zaululika, anangoti chete ngati wolakwa, ndipo kukhala chete kwakeko kunamaliza umboni. Kuchipatala Gertrude sanafune kupitako. Ankaopa anthu a pa geti aja, komanso anakula akumva kuti mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni sadzuka. Anaimbira foni azakhali ake ku Kasungu kuti atumize mankhwala a zitsamba pa basi, ndipo anati adikira.

Sikuti anali mbuli. Mayi aliyense kuno amadziwa za madzi a shuga ndi mchere, zinajambulidwa ngakhale m'kabuku ka sikelo ka mwana: madzi owiritsa odzaza botolo la lita, masupuni aang'ono asanu ndi atatu a shuga, theka la supuni ya mchere. Gertrude anawiritsa madzi, anathira shuga, anatapa mchere pa supuni, n'kuima. Matendawa anamupeza iye ali kumwezi. Dzanja lake linali lotentha. La William, m'maganizo mwake, linali lotentha kuposa. Dzanja lozizira limene ankalidalira linali langa, ndipo ine ndi amene majombo ankaima pakhomo panga. Anabwezera mcherewo m'botolo, n'kuwonjezera shuga wambiri kuti mwana apezeko mphamvu. Anamumwetsa madzi otsekemerawo mokhulupirika, pang'onopang'ono ndi supuni, monga mmene kabuku kanenera.

Ine chimene chinandidzutsa ndi chingwe choyanikira. Chinadzaza nsalu ndi timatawulo tochapidwa mobwerezabwereza, ndipo Gertrude sanapite kuganyu. Komanso yadi inali zii. Miracle anali mwana wa phokoso, woti akalira ngakhale makina anga sankamveka, koma tsopano kunkangomveka kakulira kowonda, kenako osamvekanso. Ndinasiya diresi la munthu pa singano n'kukagogoda.

"Amake Miracle, mwana ali bwanji?"

Chitseko chinatseguka pang'ono, pongokwana diso limodzi.

"Inu mayi, bwererani ku makina anu," anatero Gertrude. "Mwana wanga mwamusempha kale. Mukufunanso chiyani?"

Poyamba sindinamve. Ndiye anandiyalira zonse, mawu ali pansipansi: za majombo oima pakhomo panga tsiku ndi tsiku, za William amene wasiya kudya bwino chakudya cha kunyumba, za mmene ndinkasekera naye pa mpopi. Anakumbutsanso za Khirisimasi ina pamene ndinamusokera William thalauza osamulipiritsa. Anamaliza ndi kunena kuti mapazi sanama.

Ndinapsa mtima moti makutu analira. Ine mzimayi wa imvi, wa mawondo olira pokwera tekisi, kundiyesa wakuba amuna. Komanso mwamuna wake William, amene ndimamuona ngati mwana wa mng'ono wanga. Chimene chinandipweteka kwambiri si bodzalo ayi, koma mawu akuti inu mayi, kuchokera pakamwa pamene panazolowera kunena kuti achemwali. Lonjezo langa ndinalitaya pomwepo.

"Bambo a Miracle, tulukani," ndinaitana. "Munena nokha kapena ndinene ine?"

William anatuluka, bulangeti lili paphewa, ndipo anaulula pabwalo, mastende akumvetsera uku akuyerekeza kuthirira maluwa ouma. Anati anadya kota, wakhala akutsegula m'mimba, amapita kuchimbudzi, ndowa imakhala kwa anti, basi. Ananena akuyang'ana majombo ake omwewo.

Gertrude anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mwapangana bwino," anatero.

Ndikanamusiya pomwepo, ndipo mtima unkandiuza kuti ndimusiye ndi fumbi lakelo. Koma chitseko chinali chatseguka, ndipo ndinaona mwana pabedi. Liwombo linali litalowa ngati kambale. Maso anali m'kati, milomo youma. Ankatsegula kukamwa ngati akulira koma misozi panalibe, mawunso panalibe. Ndinafunsa kuti wakodza liti, ndipo ndinaona pankhope ya Gertrude kuti yankho lake likumuopsa iye mwini. Ndinamuuza kuti za ine tidzakangana mawa, mwanayu apite kuchipatala tsopano lino. Nditatambasula manja, anaima pakati pa ine ndi bedi.

Apa m'pamene William anachita chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. Anadutsa mkazi wake osapempha njira, ananyamula mwanayo, anamukulunga m'bulangeti lake lija, n'kuyamba ulendo wa ku geti. Gertrude anakuwa kuti amusiye, amupha, manja ake ndi otentha. William sanacheuke. Anaponda fumbi lonse losesedwa lija ndi majombo ake, ndipo Gertrude analibe chochita koma kuthamangira m'mbuyo mwake, mpango uli m'manja. Inenso ndinatsatira, ndi mapatapata anga omwewo. Mu tekisi tinakhala mpando umodzi, iye atapanikizira thupi lake ku windo kuti lisakhudzane ndi langa. Pa geti ya chipatala panalibe amene anatifunsa kanthu tsiku limenelo.

Mwanayo sanamuimike pamzere. Anamulandira mothamanga, ndipo adokotala anavutika kupeza mtsempha mpaka anakaupeza pa phazi. Pamene singano ya dilipi inkalowa, Gertrude anatseka maso ndi manja onse awiri, akudikira kuti auzidwe kuti zatha. Sizinathe. Madzi anayamba kudontha m'kachubu, ndipo tinakhala pabenchi, William pakati.

Patapita nthawi kunabwera nesi wina wamfupi, wa magalasi, dzina lake Rumbidzai. Anatimva tikuyankhula n'kutipatsa moni m'Chichewa chopendekera ku Chishona. Anati anabadwira ku Harare koma agogo ake anali a ku Dedza, ndipo amakhala ku Tsakane. Adokotala anamutuma kuti atifotokozere zimene apeza, poti Chingerezi cha Gertrude chinali chathawa ndi mantha. Anati akuganiza kuti ndi kachilombo kamene kamavuta ana nyengo yozizira, kamene katemera uja amateteza, ndipo akuluakulu kamangowagwedeza pang'ono. Mwina anayamba ndi bambo, mwina ayi, palibe angadziwe. Anatinso magazi a mwana aonetsa kuti mchere wa m'thupi watsika kwambiri, ndipo n'chifukwa chake wafooka chonchi.

Gertrude anafunsa kuti kachilombo kangatulutse bwanji madzi onsewo mwa kamwana kakang'ono chonchi, ngati palibe dzanja la munthu. Rumbidzai sanaseke. Anakoka mpando n'kufotokoza kuti khoma la m'kati mwa matumbo linapangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso, ndipo kaselo kalikonse kali ndi timakomo totulutsira mchere. Timakomoto timatseguka pang'ono pokhapokha belu likalira m'kati mwa kaseloko, kuti m'matumbo mukhale chinyezi chogayira chakudya. Belu limenelo ndi kashiamu, amene kaselo kamasunga motsekera n'kumamutulutsa pang'onopang'ono. Kachilombo kaja kakalowa kamabowola mosungiramo, kashiamu amakhuthukira m'kaselo monse, ndipo uthenga umafalikira ngakhale ku timaselo toyandikana nato.

"Bambo, mwati ndinu asekyuriti," anatero potembenukira kwa William. "Ndiye mukudziwa alamu ikajama, mageti onse n'kutseguka osatsekekanso. Mchere umatuluka, ndipo kumene mchere wapita madzi amatsatira."

Mawu akuti kashiamu anamudzutsa Gertrude. Anati iye ankadziwa, ndi mapiritsi oyera aakuluakulu aja ankamupatsa ku kiliniki ali ndi pakati, ndipo mwamwayi ena ankawataya. Ndinaona kuti wapeza wina woti amuimbe mlandu ndipo mtima wake ukufuna kukhazikika pamenepo. Rumbidzai anamuuza kuti ayi, mapiritsiwo analibe mlandu, anali omuteteza iye ku kuthamanga kwa magazi. Kashiamu ameneyu aliyense ali naye m'thupi, vuto ndi kachilombo kamene kamamuliza pa nthawi yolakwika. Anati ophunzira akufunafunabe mankhwala ozimitsa belulo, koma pakadali pano chimene chimapulumutsa ana ndi khomo lina, lolowera, limene nthawi zambiri limagwirabe ntchito ngakhale matenda avute. Khomo limenelo limalowetsa mchere ndi shuga pamodzi, ngati anthu awiri olowa ndi tikiti imodzi. Mchere ukalowa, madzi amabwerera nawo m'thupi.

Kenako anafunsa, mosaganizira kanthu, zimene mwana amamwa kunyumba. Gertrude anayankha msangamsanga kuti madzi owiritsa a shuga, ndipo sanadumphitse.

"Mchere munathira wochuluka bwanji, mai?"

Gertrude anayang'ana manja ake pamiyendo, kenako anawabisa pansi pa mpango. Pamenepo ndi pamene ine ndinazindikira. Ndinawerenga m'mutu kuti mwezi uno poto sanabwere pakhomo panga.

Rumbidzai nayenso anazindikira, poti anakulira m'nyumba ya anthu a ku Dedza. Anatsitsa mawu n'kunena kuti agogo ake ankachitanso zomwezo, ndipo iyeyo ndi amene ankatumidwa kuthira mchere. Koma sanamubisire Gertrude choonadi. Anati shuga yekha salowetsa madzi, ndipo akachuluka amakokera madzi ena m'matumbo, kutsegula n'kuwonjezeka. Mwana ankataya mchere, n'kumalandira madzi opanda mchere.

"Matumbo a mwana sadziwa kuti wathira ndani, mai," anatero. "Amangodziwa kuti ulimo kapena mulibe."

Gertrude sanalire. Anadzuka n'kukaima pafupi ndi bedi, akuyang'ana thumba la dilipi. Anafunsa kuti m'thumbamo muli chiyani. Atauzidwa kuti ndi madzi a mchere, anakhala chiimire pamenepo mpaka ine ndinanyamuka kupita kunyumba. Ndinamumvera chisoni, koma mkwiyo wanga unali usanathe, ndipo sindinatsanzike.

Miracle anagonekedwa masiku angapo ochepa, n'kutulutsidwa akuyamwa, maso atabwerera m'malo mwake. M'mimba munali musanatsekeke kwenikweni, ndiye anawapatsa timapiritsi tosungunula ndi kuwauza kuti apitirize madzi a shuga ndi mchere nthawi iliyonse mwana akachita chimbudzi. Anafika chakumasana. Ine ndinawaona pa windo koma sindinatuluke. Ndinapalasa makina mwamphamvu kuti adziwe kuti ndilipo ndipo ndili ndi zochita.

Pasanathe nthawi ndinaona chithunzithunzi pakhomo. Gertrude anaima pamenepo, botolo la madzi lili kudzanja lina, kwinako chivindikiro cha mchere ndi supuni. Masiku ake anali asanathe bwinobwino. William anali atapita kukapepesa kuntchito.

"Achemwali," anatero. Ananditambasulira supuniyo.

Ndinali nditakonza mawu ambiri masiku onsewo, ena oti ngakhale mastende akanatseka makutu. Ndinayamba ndi kumufunsa ngati manja anga azizira liti, poti paja mapazi sanama. Anangoima osadziteteza. Ndinaona kuti waonda, ndipo mawu ena onse aja anandithera. Komabe supuniyo sindinailandire, ndipo sikunali kubwezera. Ndinaganiza za mawa. Ndimamudziwa Gertrude. Tsiku lina adzapeza phazi lina, kapena ine ndidzakhala nditabwerera ku Ntcheu, kapena nditatsatira amuna anga, ndipo mwana adzadwalanso mayi ake ali ndi mchere m'manja koma opanda woti athire.

"Thirani nokha, amake Miracle," ndinatero. "Ine ndiima pompano."

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti aike mwana pamoto. Anati sangathe, nanga akamusempha yekha. Ndinamuuza kuti nesi uja ananena zomveka ndipo iye anamva, komanso kuti ine ndinathirira amuna anga mchere mwezi ndi mwezi ukwati wonse, ndipo chimene chinawatenga ndi ngozi ya galimoto. Mwana analira kuchipinda kwawo, kulira kwenikweni kwa phokoso kuja, ndipo tonse tinamva kuti wachitanso chimbudzi.

Gertrude anaika botolo pa tebulo la makina anga. Anatapa mchere, wina n'kutayikira pa diresi la kasitomala. Anatapanso, anasalaza ndi chala, anachotsa theka, n'kuima supuni ili pakamwa pa botolo. Ndinamumva akupemphera chapansipansi, mano atalumana. Kenako anapendeketsa supuni. Anakhutchumula botolo, analawa yekha kaye monga mwa chizolowezi chake, n'kupita kukamwetsa mwana. Mkazi amene anakayikira mabasi, madona, kiliniki, mwamuna wake ndi ine, tsiku limenelo ndinamuona akuopa munthu mmodzi yekha, ndipo anali iye mwini.

Masiku otsatira sanapite kuganyu. Ndikadutsa popita kumpopi ndinkamuona pakhomo, Miracle ali pamiyendo, akudinikiza chala chachikulu pa kaphazi ka mwanayo n'kuyang'anitsitsa ngati pakutsala dzenje. M'mawa ankadinikiza, masana ankadinikiza, ankayerekeza phazi lina ndi linzake, ankaika khutu pachifuwa kumvetsera chifuwa cha tsempho. Mankhwala a azakhali anafika pa basi, atakulungidwa m'nyuzipepala, ndipo anawaika pamwamba pa wadiropu osamasula. Botolo likatha ankathiranso yekha, ndipo nthawi iliyonse nkhope yake inkakhala ya munthu woyembekezera chigamulo.

Kupepesa sanandipepese, ndipo ndinasiya kuyembekezera. Kukayikira nakonso sikunathe. Panopa akuti mastende akuba magetsi athu, ndipo mwina pamenepa akunena zoona. William amadyabe za m'kontena, malaya amanunkhizidwabe. Koma katemera wotsala amene msinkhu wake unkalolabe anakamubayitsa mwana, atanyamula mapepala onse amene ali nawo mpaka kalata ya ubatizo, ndipo poto sabweranso pakhomo panga. Ndimamusowa potoyo, ndisaname.

Tsiku lina Loweruka, dzuwa litayamba kufunda, anabwera ndi mwana m'manja. Sanapereke moni. Anangotenga kaphazi ka Miracle n'kukaika m'dzanja langa, dzanja lomwe lija anakana kuti likhudze mwana wake.

"Tadinikizani inuyo, achemwali," anatero. "Ine maso anga mwina akunama."

Ndinadinikiza. Mnofu unabwerera nthawi yomweyo, ndipo Miracle anandimenya kachidendene pachibwano chifukwa chomugirigisha. Ndinamuuza kuti palibe kutupa kulikonse. Gertrude anapuma mpweya wautali, n'kukhala pansi pa sitepe yanga, koyamba chichitikireni zija. Apa m'pamene analira, mwakachetechete, nkhope ataibisa m'mpango, ine ndikupitiriza kupinda mpendero wa siketi ngati sindikuona.

Sabata yomweyo Miracle anayamba kuyenda. Lolemba m'mawa Gertrude anamutsitsa pansi kuti akhome chitseko, ndipo mwanayo anapeperuka yekha kudutsa bwalo lonse mpaka kudzagwira mwendo wa makina anga. Mayi ake anabwera kudzamutenga, anamubereka, anatola tsache n'kuyamba kusesa chafutambuyo monga mwa masiku onse. Atafika pa timapazi tija, tochoka pakhomo pake kudzathera pakhomo panga, anaima kanthawi akutiyang'ana. Kenako anasesa mbali ino ndi mbali inayo, n'kusiya timapazito pomwepo.